Kamvuluvulu ndi Majombo a Bambo

Ndikukumbukira chaka chimene bambo anga anasiya kudzuka m'mamawa. Tinkakhala ku Tafara, lokeshoni ina ya m'dziko la Ashona, m'kanyumba kamene chipinda chimodzi tinaikamo loja wolipira lendi, mnyamata wa Chishona dzina lake Farai. Kuyambira ndisanabadwe, bambo ankakwera kombi, minibasi ya kumeneko, kupita ku Willowvale, kumene ankawotcherera zitsulo pafakitale ina. Kenako fakitaleyo inachepetsa antchito, ndipo iwo anali m'gulu la amene anauzidwa kuti akadikire kunyumba. Anadikiradi. Ankakhala pakhonde tsiku lonse, wailesi ili pambali, maso ali pageti. Majombo awo akuntchito, akuda, achitsulo kutsogolo, ankawapaka polishi Lamlungu lililonse n'kuwaimika kuseri kwa chitseko, kuti tsiku loitanidwa lidzawapeze ali okonzeka.

Ine ndinali mu giredi faifi. Galu wa anansi athu atabereka, ndinatenga kamwana kamodzi, kofiirira, ka khutu limodzi logwa, n'kukabisa m'juzi yanga yasukulu. Amayi, amene ankatidyetsa tonse ndi tebulo lawo la tomato ndi masamba kumsika, anakana nthawi yomweyo. Bambo anangoti, "Musiyeni mwana," osacheuka n'komwe. Tinamutcha Kamvuluvulu chifukwa sankadziwa kuyenda. Ankangothamanga mozungulira bwalo, fumbi koboo, kenako n'kudzigwetsa pamapazi a munthu.

Atakulako pang'ono anayamba kutafuna. Anayambira mapatapata anga, n'kupita ku mpini wa tsache, paipi yothirira dimba, ndi miyendo ya mpando wa bambo. Tsiku lina anadya theka la sopo wochapira n'kutulukira pamsewu thovu lili kukamwa, ana a mumsewu wathu n'kubalalika akukuwa kuti wagwidwa chiwewe. Farai ankayanika masokosi ake pampanda, ndipo madzulo ankawapeza opanda zidendene. Ankaima pakhomo pathu, sokosi lili m'manja, n'kudandaula m'Chishona kuti, "Imbwa yenyu iyi," kutanthauza galu wanuyu, koma poti anali munthu waulemu, ankathera pomwepo.

Tinayesa zonse zimene anthu ankatiuza. Amayi anamumenya ndi patapata, iye n'kuganiza kuti ndi masewera, kulanda patapatalo n'kuthawa nalo. Tinamumanga pamtengo wa mapichesi, chingwe anachidula dzuwa lisanafike pamutu. Tinapaka tsabola pamiyendo ya mpando. Anayetsemula, ananyambita milomo, anaganiza pang'ono, n'kubwereranso pomwepo. Anali wamakani. Ukamukalipira ankakuyang'ana m'maso, mutu atapendeketsa, ngati akuyeza ngati mawu akowo ali ndi mano.

Tsiku lina ndikuchokera kusukulu, ndinapeza chitseko chili chotsekuka pang'ono, bambo akuwodzera pampando. Pansi pa mtengo wa mapichesi panali Kamvuluvulu, jombo lakumanja atalipana ndi miyendo yakutsogolo. Lilime la jombolo linali litapita kale. Chikopa chakutsogolo anali atachisenda ngati nthochi, chitsulo chikung'anima padzuwa. Ndisanaganize zolibisa, bambo anatsekula maso.

Sanakalipe. Ananyamuka, anatola jombolo, n'kulitembenuzatembenuza m'manja kwa nthawi yaitali. Ndikanakonda akanakalipa.

"Tamanda," anatero, "Loweruka amalume ako abwera. Galuyu apita nawo kwawo ku Caledonia."

Agalu a amalume ndinkawadziwa. Ankalondera mulu wa njerwa, ali paunyolo waufupi, nthiti zikuwerengeka. Ndinakakhala kuseri kwa nyumba nditamukumbatira Kamvuluvulu, ndikulira, iye ali kalikiliki kutafuna mkono wa juzi yanga ngati palibe chachitika. Ndipamene ndinaona magazi paulusi, ndi kanthu koyera ngati njere ya mpunga. Kanali kadzino. Ndinathamangira kukhonde.

"Bambo, chitsulo cha jombo lanu chamuthyola dzino."

Anakalandira kadzinoko pachikhatho n'kukayang'anitsitsa. Kenako anachita chinthu chimene ndinali ndisanachionepo. Analiza kamluzu kotsika, galu n'kubwera. Anamugwira pansi pa chibwano, n'kulowetsa chala chachikulu pakona pa kamwa, kamwa n'kutsekuka lokha. Manja awo ankadziwa ntchitoyo.

"Silinathyoke, laguluka. Taona apa, ena akumera. Nkhama zikumuyabwa ngati mwana wakhanda."

Ndinawafunsa kuti anaziphunzira kuti. Bambo sankakonda kukamba za ubwana wawo, koma tsiku limenelo anandiuza kuti anakulira pafamu ya fodya, kumene agogo anga, atachoka ku Dedza, ankasamalira agalu a mwini famu. Bambowo ali mwana ankathamanga nawo agaluwo m'minda mpaka malilime kulendewera. Anati galu wamtundu uwu mphamvu zake zikasowa kopita, zimatulukira m'mano. Za Loweruka sanasinthe mawu, ndipo ine sindinayerekeze kufunsa.

Kutacha anandidzutsa ndi bambo. Anali atavala majombo omwe aja, lakumanja atalimanga ndi waya. Tinatsika msewu, mame akunyowetsa masiketi a amayi opita kumjigo, mpaka kudambo kumene anthu amalima tizigawo ta chimanga pakati pa miyala ikuluikulu. Kamvuluvulu ankakoka chingwe ngati ng'ombe yapangolo. Akakoka, bambo ankaima nji, osalankhula. Chingwe chikalendewera, ankayambanso kuyenda. Ulendo waufupi uja unatitengera nthawi moti ndinachedwa kusukulu. Kudamboko anamumasula, n'kumamuponyera mpira wa mapepala apulasitiki kufikira galu anagona yekha paudzu, akupumira m'mwamba. Bambo nawonso ankapumira m'mwamba, thukuta lili kamukamu, koma ndinaona kuti akumwetulira.

Masana anang'amba ovololo yawo yakale, n'kuluka chingwe chonenepa ngati mkono wanga, chamfundo mbali zonse. Ankachiviika m'madzi ozizira kuti chiziziritse nkhama. Kubutchala anakapempha ziboda za ng'ombe. Anandiphunzitsa kuti galu akagwira chinthu cholakwika usamathamangitsane naye, chifukwa kwa iye kuthamangitsidwa ndiye malipiro. Uzigwada, umuonetse chake, unene kamodzi kuti "taya," ndipo akataya umusisite ngati wapha kalulu. Anakhomanso misomali pakhoma kuti nsapato zonse zizigona m'mwamba. Amayi anaseka, amvekere zaka zonsezi akhala akutiuza kuti tizisamala zinthu osamva, lero tamvera galu.

Sizinayende mosalala. Kamvuluvulu ankamva "taya" bwinobwino, koma ankayamba waganiza kaye. Nthawi zina ankataya, n'kulandira chiboda, kenako n'kutolanso chinthu chija kuti alandire kachiwiri. Lachisanu anakukuta mkombero wa dengu limene amayi ankanyamulira tomato. Amayi analiika dengulo pamiyendo ya bambo. Bambo anakhala madzulo onse akulisoka ndi waya.

Loweruka tinapita kudambo monga mwa masiku onse. Pobwerera ndinkayenda pang'onopang'ono, ndikuwerenga nyumba. Amalume anafika dzuwa litakwera, panjinga, atanyamula thumba la saka loti amuikemo. Anapatsana moni ndi bambo, anamwa tiyi, anakamba za mvula ndi mitengo ya simenti. Galu anali mtulo pansi pa mpando, chibwano atatsamiritsa pajombo lomangidwa ndi waya lija.

"Nanga alamu, galu wovuta uja ali kuti?" amalume anafunsa.

Bambo anayang'ana pansi pa mpando, kenako anayang'ana ine.

"Akadali pasukulu. Mudzabwere akamaliza."

Amalume anapinda thumba lawo n'kulimanga pakaliyala. Amayi anawaikiramo masamba ndi tomato kuti lisabwerere lopanda kanthu.

Sukuluyo sinathe. Ine ndikapita kusukulu yanga, bambo ankayenda naye okha, m'mawa ndi madzulo, ndipo anthu amene anali atawaiwala anayambanso kuwaona. Bambo wina wa mumsewu wachiwiri anawaimitsa kuti aone geti lake lothyoka. Anabwereka makina owotcherera kwa mnzawo, analikonza. Kenako kunabwera wa mafelemu a mawindo, kenako wa kangolo kokankha pamanja. Fakitale sinawaitanenso, koma chaka chisanathe bwalo lathu linkanunkha chitsulo chopsa, ndipo bambo ankadandaula kuti alibe nthawi yokhala pansi. Mano atsopano atakhwima, kutafuna kunachepa ndithu. Masokosi okha ndi amene sanawasiye mpaka ukalamba wake, moti Farai anazolowera kuyanika ake m'chipinda.

Lero zinthu zinasintha. Ndimakhala ku Mabvuku ndi mwamuna wanga ndi ana awiri. Mutauni amagulitsa mafupa a labala ndi timipira tolira, ndipo ukafunsa foni imakuuza zonse za mano a galu usanamalize kufunsa. Dambo lija mbali yaikulu anamangapo nyumba. Chimene chimandiwawa n'chakuti ana anga ndikawalankhula Chichewa amandiyankha m'Chishona, ndipo agogo awo akabwera amangomwetulirana nawo, nkhani osapita patali.

Chaka chatha mwana wanga wamkazi, Chisomo, anabwera ndi kagalu kakekake, kamakani ngati koyamba kaja. Bambo, amene tsopano amayenda ndi ndodo, anayamba kubwera masana ana ali kusukulu, n'kumakhala nako pabwalo. Tsiku lina ndinamva Chisomo akukalamulira m'Chishona kuti kakhale pansi, "Gara pasi, gara pasi," kagalu kakungomuyang'ana.

"Ameneyu ndi Mchewa," bambo anatero. "Mulankhule bwinobwino. Uziti khala pansi."

Chisomo anayesa, lilime likupunthwa. Kagalu kanakhala. Mwanayo anatembenuka, maso ali tong'o, n'kufunsa agogo ake kuti nanga akafuna kuti kabwere azinena chiyani. Bambo anasendera, n'kumupatsa malo pabenchi. Ine ndinabwerera m'nyumba mwakachetechete, ndinawasiya akuphunzitsana, atatu onsewo.