Mizere yomwe ndinafufuta m'pulogalamu ya ba Chanda

Inu owerenga, ine ndinataya mawu omaliza a munthu. Ndinawataya ndi manja angawa, ndikuimba mluzu, ndikudziona ngati katswiri wa Kanyama yense. Palibe adandituma. Ndalemba izi kuti aliyense amene manja amamuyabwa akaona ntchito ya mnzake ayambe wamva zanga.

Ndimagwira ntchito pa kashopu kotayipa makalata ku Kanyama, pafupi ndi pokhotera maminibasi. Eni ake ndi ba Chanda, bambo a ku Kopala omwe adagwirapo ntchito ya makompyuta kumigodi. Anthu amabwera kudzatayipitsa makalata ofunsira ntchito, mapangano a lendi, mbiri zowerenga pamaliro ndi zina zotero. Makina athu si amakono ayi. Kuchipinda chakumbuyo kuli kompyuta imodzi yaikulu yokhala ndi batire lake, ndipo kutsogolo kuli masikirini atatu akale ndi makiyibodi ake, olumikizidwa ndi waya ku kompyuta yaikuluyo. Timawatchula kuti mateminolo. Teminolo payokha siganiza kanthu, imangotumiza zomwe wadina n'kuonetsa zomwe yauzidwa. Pulogalamu yotayipiramo adailemba okha ba Chanda kalekale, ndipo amainyadira kuposa nyumba yawo.

Ine kulemba mapulogalamu ndidadziphunzitsa ndekha pa kalaputopu kogula kwa munthu. Tsiku lomwe ba Chanda adandilola kuwerenga khodi ya pulogalamu yawo, ndiye kuti malangizo olembedwa omwe kompyuta imatsatira, ndidagwira pakamwa. Zonse adaziunjika malo amodzi, mizere mazanamazana yopanda pothera. Kuwerenga mabatani kunali momwemo, kulankhula ndi teminolo momwemo, kuimitsa pulogalamu ndi kutuma pulinta momwemonso, ngati katundu wa munthu wothawa madzi a mvula. N'chifukwa chake inkavuta. Ukadina batani la muvi mwachangu, pasikirini pankatuluka zinyalala. Chilembo cha ŵ sinkachidziwa. Ukaiimitsa kaye ndi Ctrl ndi Z kuti uone china, pobwerera sikirini inkapenga, ukutayipa koma osaona kanthu. Pulinta ikayamba, pulogalamu yonse inkauma mpaka pepala lomaliza lituluke. Ba Esnart, mayi omwe atayipa pashopupa kwa zaka zambiri, ankangoti tsk n'kumenya kiyibodi pambali.

Kenaka ba Chanda adanyamuka ulendo wa ku Kitwe, ku ukwati wa mwana wawo wamkazi, milungu iwiri yathunthu. Pondipatsa makiyi adati, "Mwaice, mwana iwe, usunge shopu. Vamene visebenza, uvisiye." Ndidavomera ndi pakamwa kuti zomwe zikugwira ntchito sindizikhudza, mumtima ndikuvina kale. Basi isanafike ngakhale ku Kabwe, ine n'kuti nditatsegula khodi ija pa laputopu.

Abale, sindiname, masiku amenewo anali okoma kwambiri pa moyo wanga. Ndidagawa chimulu chija patatu. Gawo loyamba ndidalipatsa mabatani okha: kumva chomwe chadinidwa, kuzindikira kuti tizizindikiro titatu tobwera motsatizana ndi muvi umodzi, basi. Gawo lachiwiri linali la teminolo: kuisintha kuti izitumiza batani lililonse pompopompo pulogalamu ikayamba, ndi kuibwezera mwakale ikatseka. Gawo lachitatu linali loyang'anira moyo wa pulogalamuyo: kuiimitsa, kuidzutsa, kutuma pulinta kuti igwire ntchito payokha munthu akupitiriza kutayipa. Chilichonse chidapeza khomo lake. Mmene muvi udayenda bwino koyamba, ndidadzuka pampando n'kuzungulira tebulo kawiri. Mmene ŵ adaonekera pasikirini ndi kachipewa kake, ndidajambula ndi foni n'kutumizira anzanga onse, ngakhale omwe sadziwa kuti khodi n'chiyani. Chakudya ndinkaiwala. Mu minibasi ndinkalemba maganizo padzanja, kondakitala mpaka adandifunsa ngati ndikubera mayeso.

Tsono pakati pa malo owerengera mabatani panali timizere khumi ndi tinayi tonyansa zedi. Timati waya wa teminolo ukangoti zii, pulogalamu ilembe zonse zomwe zili pasikirini m'fayilo yotchedwa "pulumuka". Pamwamba pake ba Chanda adalembapo m'Chibemba kuti munthu asakhudzepo. Ndidaseka. Ndidati madalawa nawonso, gawo la mabatani likulemba mafayilo chifukwa chiyani? Imeneyi ndi ntchito ya gawo lachitatu. Ndidatifufuta, n'kudziuza kuti mawa ndidzatilembanso mwaukhondo pamalo pake. Mawa lakelo ndidatanganidwa ndi pulinta, ndipo za timizere tija zidachokeratu m'mutu.

Musaganize kuti sindidayese. Ndidayesa batani lililonse, ndidaimitsa ndi kudzutsa pulogalamu mpaka zala kuwawa. Koma ndinkayesera pa laputopu, ndipo laputopu ili ndi batire. Malaiti akapita siimva kanthu. Ine wobadwira mu komboni, woti malaiti amatithimira pafupifupi tsiku lililonse, sindidaganize zozula waya pakhoma ngakhale kamodzi.

Lolemba ndidaika pulogalamu yatsopano pa kompyuta yaikulu. Ba Esnart adatayipa mzere umodzi, adasuntha muvi, adatuma pulinta uku akupitiriza kulemba, kenaka adandiyang'ana pamwamba pa magalasi n'kunena kuti kodi kamwana aka kali ndi mutu eti. Adandigulira vitumbuwa ndi ndalama yawo. Ine mapewa adakwera mpaka m'makutu. Ndinkangoona mmene ba Chanda adzadabwire, ndipo mawu odzawayankha modzichepetsa ndidali nditawakonza kale.

Pali chinthu chimodzi chomwe ndinkachiona tsiku ndi tsiku koma osachiganizira. Pashopu pathu panalibe munthu wosunga ntchito ndi dzanja ili mkati. Ba Esnart ankatayipa mpaka kumapeto osadina batani losungira, chifukwa kwa zaka zonsezo malaiti akapita, mateminolo ankazima koma kompyuta yakumbuyo inkatsala ndi batire, ndipo ntchito yonse ankaipeza mu "pulumuka". Adazolowera mpaka kuiwala kuti pali china chimene chimawagwirira ntchitoyo.

Lachinayi m'mawa kudabwera ba Daka, telala wachikulire wa pamsika, atagwiridwa mkono ndi mwana wawo wamkazi Tamara. Mawu awo anali osasa, otuluka movutikira. Tamara adatifotokozera kuti madzulo omwewo bambo akewo akukagonekedwa kuchipatala, ndipo mawa lake madokotala adzachotsa chotupa pammero pamodzi ndi kholingo. Madokotalawo adawauziratu kuti moyo ungapulumuke koma kulankhula ndiye kwatha. Ba Daka sukulu adalekera giredi 2, amalemba manambala a miyeso ya zovala ndi dzina lawo basi. Ankafuna kuti mawu akadalipo anene zonse zofunika kwa ana awo, makamaka kwa mwana wawo woyamba, Gift, yemwe adachoka pakhomo atayambana zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo ndipo mafoni awo sankayankha. Foni ya Tamara yojambulira mawu adaikana, ati akufuna pepala loti munthu n'kuligwira.

Ba Daka adakhala pambali pa ba Esnart kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Ankanena pang'ono, n'kumwa madzi, n'kunenanso. Adamutulutsa Tamara panja kuti asamve. Ine ndinali pateminolo ina, ndipo Mulungu andikhululukire, chomwe ndinkamvetsera si mawu a mkuluyo koma kulira kwa kiyibodi, ndikunyadira kuti pulogalamu yanga sikuphonya chilembo. Ndidaona ba Esnart akuvula magalasi n'kupukuta m'maso kawiri. Adafika masamba khumi ndi limodzi. Ba Daka atangoti ndamaliza, ba Esnart asanatume pulinta, malaiti adapita.

Palibe adada nkhawa. Ba Esnart adawagwira dzanja n'kuti, "Yendani chabe ba Daka, vimasungika veka. Mailo nizakubweretserani ku wodi." Ine ndidagwedeza mutu kuvomereza kuti mawa lake adzalandira mapepala awo. Ndidawaperekeza mpaka pa takisi, ndikuwauza kuti makina athu ndi odalirika.

Malaiti adabwera mawa lake cha m'ma 10 koloko. Ba Esnart adayatsa teminolo, adaitana "pulumuka", ndipo padatuluka kalata ya lendi ya mlungu wathawo. Adayesanso. Adanditchula dzina mwakachetechete. Mmene ndimafika pambali pawo n'kuti nditakumbukira kale timizere tija. Ndidafufuza paliponse m'kompyuta yaikulu, thukuta lili kamukamu, koma kunalibe kanthu. Waya utati zii, pulogalamu yanga yaukhondo ija idangotseka mwaulemu n'kutaya zonse. Ndidaimbira Tamara kuti mwina ndithamange ndi foni ndikawajambule mawu. Adati adawalowetsa kale kuchipinda cha opaleshoni m'mamawa.

Ndidafunsa ba Esnart ngati angakumbukire. Adati wotayipa mawu amalowera kukhutu n'kutulukira kuzala, mumutu mumatsala fungo lokha. Ankakumbukira za malire a puloti, za makina osokera, ndi kuti tsamba la Gift lidawaliza, koma mawu ake enieni ayi. Sadandikalipire. Adangotenga kathumba kawo n'kukakhala panja.

Ba Chanda atabwera ndidawauza zonse ndisanawalonjere n'komwe. Adatsegula khodi, adaiwerenga nthawi yaitali, n'kunena kuti magawo atatuwo ndawagawa bwino kuposa mmene iwo akanachitira. Mawu amenewo, omwe ndinkawalota milungu iwiri, adandilasa ngati minga. Kenaka adandiuza kuti timizere tija adatilemba tsiku lomwe malaiti adawatayitsa mbiri ya pamaliro a mkazi wa mnzawo, ndipo adatiika pa mabatani dala, chifukwa pamakina athuwa malo owerengera mabatani ndiwo amayamba kudziwa kuti teminolo yafa. Adandifunsa kuti foni yawo ndidalibe kodi.

Patatha milungu itatu ba Daka adatulukira pakhomo la shopu, atawonda, kansalu koyera kali pakhosi. Tamara adali asanawauze, adati nkhani imeneyi ndiinene ndine. Ba Daka adamwetulira, adaloza pulinta, n'kutambasula dzanja kuti alandire mapepala awo. Ndidagwada pansi pa simenti n'kuwauza. Ndinkalakalaka atanditukwana, koma analibe chotukwanira. Adandiyang'ana, milomo ikugwedera, mpweya ukungotuluka pakansalu paja. Kenaka adakoka mpando n'kukhala pambali pa teminolo, n'kugogoda kiyibodi ndi chala.

Kuyambira pamenepo Loweruka lililonse tinkakhala atatu. Ba Esnart ankafunsa, ba Daka ankavomera kapena kukana ndi mutu, ine ndikutayipa ndi kusunga mzere uliwonse. Za puloti ndi za makina zidatheka. Koma za mumtima sungazifunse ndi inde kapena ayi. Tikayesa kuti kodi munati mwamukhululukira Gift, ankavomera, kenaka n'kupukusa mutu, n'kumenya pachifuwa kusonyeza kuti panali zambiri. Pa masamba khumi ndi limodzi tidapeza awiri ndi theka.

Gift adabwera ndithu, Tamara atamuchonderera. Adawerengera mapepalawo mushopu mwathu ataimirira, bambo ake atakhala pampando akumuyang'ana. Gawo lake linali mizere isanu. Adatembenuza pepala kuona kumbuyo, n'kufunsa kuti, "Ni ivi chabe vamene banakamba pali ine?" Ba Daka sadayang'ane mwana wawo, adayang'ana ine. Ndidamufotokozera kuti linali tsamba lathunthu ndipo wolitaya ndine. Adangoti oho, adapinda mapepala n'kuika m'thumba. Adagona masiku awiri n'kubwerera ku Solwezi. Tamara amati nthawi zina amatumiza uthenga, koma ngati tsamba lija likanamugwetsa mtima kapena ayi, palibe adzadziwe.

Inu owerenga, makamaka achinyamata anzanga a makompyuta, sindikuti musamakonze zakale. Pulogalamu ija lero ikuyenda bwino, ndipo kukoma kokonza chinthu ndikukudziwa. Koma mukapeza mzere wonyansa pantchito ya munthu, dziwani kuti mwina pali tsiku loipa lomwe lidaubala, ndipo funsani mwini wake akadali ndi pakamwa. Musachotse chinthu lero podalira kuti mudzachibwezera mawa. Yang'anani mmene anthu ogwiritsa ntchito chinthucho adazolowerera, chifukwa amatsamira pa zinthu zomwe iwo eni sazidziwa. Ndipo yesani ntchito yanu pamakina enieni, m'mavuto enieni a kwanuko.

Timizere khumi ndi tinayi tija ndidatibwezera pomwe tidali, ndi mawu a Chibemba aja pamwamba pake. Masiku ano ndikasintha kanthu kalikonse, ndimatayipa tsamba lathunthu, n'kupita kukhoma kukazula waya ndi dzanja langa. Ba Daka amadutsabe pashopu popita kumsika. Amandikweza dzanja, ine n'kuwalonjera, ndipo moni wanga amangouyankha ndi mutu.