Mbewa ya Yankho yapita kusukulu yotumbula kale

Mwaswera bwanji nonse.

Yankho wabwera kuchokera kusukulu akulira lero. Aphunzitsi a sayansi anauza gulu lililonse kuti libweretse khoswe kapena mbewa yathunthu, aing'ambe kuti aone mmene mtima, mapapo ndi matumbo zinakhalira. Gulu lake linadalira iyeyo, poti agogo ake amadziwika ndi misampha.

Dzulo anakawapempha agogo akewo, abambo athuwa. M'mawa uno amupatsa mbewa yonenepa ataikulunga bwinobwino m'pepala la shuga, ndipo mwana anangoponya m'chikwama osayang'ana.

Atalowa m'kalasi anaigoneka chagada pathabwa, anzake atamuzungulira, lezala ili m'manja. Poti atsegule pamimba, anapeza mulibe kanthu. Abambo anali ataitumbula kale, kuitsuka, n'kuthiramo mchere. Akuti aphunzitsi anaitembenuza uku ndi uku, n'kufunsa ngati gululi labwera kudzaphunzira kapena kudzadya nkhomaliro. Kalasi yonse inafa nalo phwete. Awapatsa mpaka Lachisanu kuti abweretse ina, apo ayi gulu lonse lipeza ziro.

Ndapita kukawafotokozera abambo. Andimvetsera mpaka kumapeto, kenako akuti, "Chibadwire sindinapatsepo munthu mbewa yosatumbula. Anthu aziti kwathu ndife otani?" Matumbowo akuti anaponyera nkhuku.

Panopa atsikira kudimba kukatchera misampha ina, koma kampeni kawo kali m'thumba. Achimwene, inu amakumverani. Muwaimbira foni, kapena Yankho alawirire mawa akawonjole yekha agogo ake asanadzuke?