Makaliyala a Bedi ndi Chikwama cha ku Ntcheu

Makaliyala aja ndinawotcherera ndekha, ndipo mpaka lero munthu akawanyoza ndimapsa mtima. Zitsulo zake zinali za bedi lakale limene ndinatola kuseri kwa fakitale yathu ku Kya Sand. Masabata atatu anzanga akudya masana, ine ndili ndi magalasi akuda kumaso, kudula, kupinda, kuwotcherera. Kanjinga kanga kamoto n'kakang'ono, ka matayala a mano koyenda pa tala ndi pa fumbi pomwe, ndipo kumbuyo kwake kunalibe poika ngakhale buledi. Ndinakapangira kaliyala mmodzi pamwamba ndi awiri m'mbali.

Zonsezi ndinkavutikira mkazi wanga. Iye ankagwira ntchito ya m'nyumba kwa azungu, kugona konko, kubwera Loweruka madzulo n'kubwerera Lamulungu. Ku Ivory Park tinkakhala m'kachipinda ka malata, bwalo limodzi ndi mabanja a kwathu asanu. Ukayetsemula, wa chipinda chinacho amati pepani. Mkazi wanga akangofika, chitseko gogogo: wopempha mchere, wa kwaya, wa uthenga wa maliro. Zaka zinayi pa Joni, tisanakhalepo awiriwiri tsiku lathunthu! Ndiye adona ake atataya tenti yakale ndi zofunda ziwiri za zipi, ndinati basi, tikagone kumapiri a Magaliesberg ngati anthu ena. Mkazi wanga anachonderera adonawo miyezi iwiri kuti amupatse Loweruka lonse.

Uchitsiru wanga unali umodzi: kumangira katundu pabwalo, dzuwa likuswa mtengo.

Paja ife wopita kumudzi sanena. Amabisa tsiku mpaka m'mawa wake, poopa kusenzetsedwa katundu wa anthu. Ndiye aliyense amadziwa kuti amene akukana kwambiri ndi amene akupitadi. Ndisanamalize kukoka malegeni, mayi wa chipinda cha pakona anali atafika kale ndi chigubu cha mafuta ophikira.

"Achimwene, ka ku Dedza aka. Mukangosiya pamsewu, akakachingamira."

"Mayi, sindikupita kumudzi. Tikukagona kuphiri, mawa tibwera."

Anaseka mpaka kugwira m'nthiti. "Kusiya denga, kukagona kutchire? Mwalakwa chiyani? Aaa, bodza linalake lipangeni bwinobwino."

Ena anabwera ndi nsapato za ana, wina foni yokulunga m'sokosi, wina mpaka wailesi ya chimkuzamawu. Ndinawaonetsa kathanki ka petulo. Ndinati anthu inu, kanthu aka kangafike pa Mwanza? Akuti wina anafikako pa njinga yoposa apa kuchepa. Ndani? Sakumudziwa dzina. Ndinakana mpaka pakhosi kuuma, ndipo anabwerera mmodzimmodzi akung'ung'udza kuti Joni wandilowa m'mutu.

Kenako anatulukira madala. Bambo ameneyu anagwira m'migodi ine ndisanabadwe, ndipo ndi amene anandigoneka pansi m'chipinda mwake miyezi itatu nditangofika, ndilibe ngakhale bulangete. Ananyamula chikwama chachikulu chamizeremizere chija. Sanafunse kanthu. Anachikhazika pa kaliyala wapamwamba, pamalo pa tenti, n'kuyamba kumanga yekha.

"Madala, pepani, ife sitikupita..."

"Ndamva, mwana wanga. Sindiuza munthu. Muli bulangete ndi nsalu za mwana wanga wamkazi ku Ntcheu, akukwatiwa." Anandisisita paphewa n'kumapita, akutsimphina.

Ndinayang'ana mkazi wanga. Iye anangoti, "Mukawathamangire ndinu. Ine ayi." Ndithamangire bwanji munthu amene anandifunditsa? Ndimutsitsire chikwama pabwalo, maso a anthu onse aja ali pa ine? Ndinatukwana chamumtima, ndinatenga tenti ndi zofunda n'kuzikanikiza pa kaliyala wa kumanja, mapoto ndi chakudya kumanzere. Tinati tipita nacho chikwamacho, tikabwera tiona chochita.

Mayo ine, ulendo umenewo! Kanjinga kankalira ngati mbuzi yomangidwa. Chikwama chinkakankha mkazi wanga, mkazi wanga n'kumakankha ine, ine nditakhala pathanki. Madalaivala a mateksi ankatiimbira mahutala, wina anatulutsa mutu n'kukuwa kuti Malawi, hamba kahle, kutitsanzika. Ngakhale iyeyo!

Titadutsa Krugersdorp, nyumba zitayamba kutha, mkazi wanga anandimenya pamsana. "Imani! Chinachake chikupsa."

Kumanja n'kumene kuli ekizozi. Ine poyeza ndinasiyapo mpata wa zala zitatu, wokwanira kachikwama ka zovala, osati tenti yokanikiza ndi bondo. Kaliyala sanathyoke, zimenezo ndinene, ntchito yanga inali yolimba. Koma tenti inali itatsamira chitsulo chamoto makilomita onse aja. Nditaitambasula pa udzu, inali ndi mabowo anayi ondondozana, lililonse lolowa mutu wa munthu, m'mphepete mwake mutauma gwa. Zofunda za zipi zinamatirira pamodzi. Unali mwezi wa Juni, ndipo chisanu cha kuno sichiseka ndi munthu. Bulangete latsopano linali pomwepo m'chikwama, koma katundu wa mwini satsegula.

Ndinaponya chipewa pansi. Ndinatukwana bwalo lonse la Ivory Park mmodzimmodzi, kuyambira mayi wa mafuta. Chikwamacho ndinadzachikweza basi ndekha sabata yotsatira, koma tsiku limenelo ndinkafuna kuchiponya m'ngalande. Kunena zoona ndinkafuna kulira. Masabata atatu a njala, miyezi iwiri ya kuchonderera kwa mkazi wanga, zonse zathera m'mbali mwa msewu, mapiri tikuwaonera patali.

"Kwerani tizibwerera," ndinatero.

Iye anamasula malegeni, anatsitsa chikwama cha madala, anachikokera pansi pa kamtengo ka minga kuseri kwa chulu, n'kukhala pansi atachitsamira. Anavula nsapato. Anatsegula poto wa nkhuku ija tinakazinga m'mawa. Kunali zii, kupatula mphepo mu udzu ndi galimoto imodziimodzi.

"Ndati tizipita, dzuwa lisanapendeke."

"Mukuthamangira chiyani, bambo?" anatero, akundisunthira malo pachikwamapo. "Khalani pansi. Kuno kulibe chitseko choti munthu agogode."