Selotepi ya pa Kawindo

Ndinachoka kwathu kugombe dzuwa lisanatenthe, chitini cha mabisiketi chili m'khwapa. M'chitinimo munali ntchito yanga ya miyezi isanu: kamakina kolira belu ayezi akayamba kusungunuka m'bokosi la nsomba. Ine ndine wokonza mawailesi chabe, ndiye kalata yondiitana ku chionetsero cha akatswiri a timakina totere, ku hotela ina ku Senga Bay, ndinaiwerenga mpaka inang'ambika m'mopinda.

Ubongo wa kamakinako ndi kachipi kotalika ngati chala, kokhala ndi kawindo kagalasi pamsana. Bambo amene anandilowetsera pulogalamu ku Lilongwe anamata selotepi yakuda pakawindopo, nandichenjeza kuti dzuwa likalowa pamenepo zonse zifufutika. Kachipi kena ndinalibe.

Wanjinga anandifikitsa pa Khombedza ndi makwacha asanu. M'minibasi anatithithikiza anayi anayi, ine pambali pa mayi wina wa dengu la usipa.

"Achimwene, chitinicho mwachikumbatira ngati mwana wodwala. Muli chiyani?" anafunsa mayiwo.

"Mawaya chabe, mayi."

Mawaya! Onse m'minibasimo anatembenuka kundiyang'ana. Inde, matipate anali atabwera, tonse tinali titavota, koma mawu amenewo anali akadali olemera. Malume anga anatengedwa ndi galimoto ya apolisi ine ndili wamng'ono, chifukwa choimika waya wa wailesi pansungwi yaitali. Anthu ankati amalankhula ndi zigawenga za kunja. Sanabwerere.

Cha m'ma naini, titayandikira Salima, tinapeza rodibuloko. Tonse tinatsika ndi katundu wathu. Wapolisi wina wamtali analoza chitini changa.

"Tsegulani, bambo."

Ndinayang'ana kumwamba, dzuwa lili ng'aa. "Bwana, chonde, tipite pamthunzi apo."

Kalanga ine, pakamwa panga! Pamsewu munthu akaitanira wapolisi pamthunzi, aliyense amadziwa chimene akufuna kumupatsa. Nkhope yake inasintha.

"Pamthunzi mukandiuza chiyani chosayenera kumva anthuwa? Tsegulani pompano."

Ndinatsegula. Mawaya ofiira, batire, kabelu. Mayi wa usipa uja anabwerera m'mbuyo mapazi atatu, dengu kumutu.

"Nanga apa mwabisapo chiyani?" anatero wapolisiyo, chikhadabo chili kale pansi pa selotepi.

Yankho ndinali nalo, lalifupi ndithu. Koma m'maganizo ndinkangoona galimoto ija inatenga malume. Wapolisiyo anamatula selotepi ija. Dzuwa linalowa pakawindo ine ndikuyang'ana. Iye anasuzumira, natembenuza, nasuzumiranso.

"Kagalasi basi? Inu bambo, thukuta lonseli n'la kagalasi?" Anamata selotepi ija mopendekera. "Kwerani, mukuchedwetsa anzanu."

Padepoti ya Salima ndinagula tiyi ndi chinangwa chokazinga, koma sindinachimalize. Ndinaganiza zobwerera kwathu. Kukaima pamaso pa akatswiri ndi chitini chakufa, si kufuna kusekedwa kumeneko? Komabe ndinakwera matola a makwacha khumi, chitini ndachifunditsa malaya ngakhale ndinkadziwa kuti zoonongeka zaonongeka kale.

Ndinafika masana. M'holomo munali matebulo mizere mizere, makompyuta akung'anima, amuna a mataye akulankhula Chingerezi chothamanga. Anandipatsa katebulo kakukona. Ndinapempha kapu ya ayezi, n'kulowetsamo waya woyezera kuzizira, n'kulumikiza batire. Kenaka ndinachotsa wayayo m'kapu n'kumufumbata m'dzanja kuti atenthe.

Zii. Ndinatseka maso.

Ngrrrii! Belu linalira mpaka a tebulo lachitatu anatembenuka.

Mayi wina wa magalasi, injiniya wochokera ku Blantyre, anabwera kudzaona. Ndinamufotokozera za rodibuloko zija. Anaseka mpaka kugwira tebulo.

"Dzuwa la mphindi ziwiri? Achimwene, kuti kachipi aka kafufutike, mukanayenera kukayanika sabata yathunthu ngati usipa!"

Nanenso ndinaseka, koma misozi inatsika yokha, ndipo mayiyo anasiya kuseka. Sindinkalira za kachipi ayi. Wapolisi uja anandifunsa funso, anayang'ana ndi maso ake, n'kundiuza kuti ndikwere minibasi. Malume nawo yankho lawo linali lalifupi ngati langa, loti ankangofuna kumva mpira bwinobwino. Iwo palibe anawafunsa.