Dalaivala Amene Anakana Mbale Yaulere

Kudepoti anzawo amawatcha a Sipeya, chifukwa cha mimba yonga tayala la sipeya yomwe inafika pokhudza chiwongolero. Ayendetsa basi ya mtunda wautali kuyambira ali ndi tsitsi lakuda, ndipo pa ntchito imeneyi pali chizolowezi chimene sichinalembedwe paliponse: dalaivala akaimika basi palesitilanti, mwini malo amamupatsa chakudya chaulere pothokoza kuti wabweretsa ogula. A Sipeya ankadya chifukwa choti basi yaima, osati chifukwa cha njala. Mmene njala imamvekera anali ataiwala kalekale.

Dokotala wa kampani atawayeza sanapite m'mbali. Thupi lichepe, apo ayi akadzawayezanso adzawatsitsa pamseu. Anawonjezera kuti azidya pang'ono koma pa nthawi yake. Mawu oyambawo anawalowa mumtima, otsirizawo anapita ndi mphepo.

Tsiku limene tikunenali ananyamuka atangomwa tiyi wopanda shuga. Masana, pamalo oimira, mayi mwini lesitilanti anawatsatira mpaka pawindo la basi.

"Adalaivala, ndakulakwirani chiyani? Mbale yanu ikuzizira."

"Ndakhuta, mayi."

"Akhuta mpweya," anatero kondakitala, yemwe analinso mlamu wawo. "Alamu, mimba imeneyi munaimanga zaka zambiri. Siingagwe tsiku limodzi ngati chimbudzi cha m'dzinja."

A Sipeya anangoliza hutala kuti okwera abwerere.

Dzuwa litapendeka, mseu unayamba kutsetsereka ndi kukhotakhota. M'mimba munali mutasiya kulira, ndipo iwo anayesa kuti njala aigonjetsa. Kenako thukuta lozizira linatsika m'khosi. Zala zinayamba kunjenjemera pachiwongolero. Mzere woyera wa pakati pa mseu unagawika, n'kukhala iwiri, ndipo phazi la pabuleki linkamveka ngati la munthu wina. Kumbuyo kwawo mipando yonse inali yodzaza. Ena ankagona, mwana wina ankayamwa.

Ankadziwa kuti kuima n'kudziulula. Wina adzaimba foni kukampani, nkhani idzafika kwa dokotala. Anaganiza zopirira mpaka mtsetse uthe. Anatsina ntchafu, anaphethiraphethira.

"Alamu! Mwalowa mbali ya eni ake!"

Lole inatulukira pakona ikuliza hutala mosalekeza. A Sipeya anakhotetsa chiwongolero ndi mphamvu zotsala, basi inapendekeka, katundu anagwa m'mashelefu, amayi anakuwa. Loleyo inadutsa ngati yameta kalilole wa m'mbali. Patsogolo pang'ono panali malo otakasuka. Anatsitsa giya, anaimika, anakoka buleki yamanja, n'kugoneka mutu pachiwongolero.

"Tayala laphulika?" anafunsa wina.

"Tayala lanji? Waledzera ameneyu!"

Kondakitala anawagwira paphewa. "Alamu, talankhulani. Mtima?"

"Njala," anayankha motsitsa mawu.

"Njala? Mimba yonseyo?" anafuula bambo wina kumbuyo, foni ili kale kukhutu. Panalibe amene anaseka.

Mayi wina wapampando wakutsogolo anamasula chikwama, n'kutulutsa nthochi ndi buledi. "Idyani, bambo. Tonsefe tili m'manja mwanu." A Sipeya anadya pamaso pa basi yonse, nkhope ili pansi ndi manyazi. Sanalize injini mpaka zala zitakhazikika ndipo mzere wa pamseu utabwerera kukhala umodzi. Okwera anadandaula za kuchedwa.

Atafika kudepoti anapeza bwana ataima pageti, nkhani itawatsogolera kale. Bwanayo anatambasula dzanja, ndipo a Sipeya anaikamo makiyi.

"Basi yafika yathunthu, bwana," anatero kondakitala. "Anaima okha. Palibe amene anawauza."

"N'chifukwa chake sindikuwachotsa ntchito," anayankha bwanayo, akuika makiyiwo m'thumba. "Koma makiyi awa adzawaonanso pokhapokha dokotala akavomereza. Mawa basi aitenge wina."