Mzere umene ndinadula pa uthenga wa maliro

Bukulo ndinaligula pansi kwa mavenda a m'tauni, chikuto chitathothoka. Linali lophunzitsa kulemba ndi kukonza nkhani za pawailesi. Ndinali nditamaliza Fomu 4, ndili lova ku Chinsapo, mtima uli m'malere. Ndinkayenda wapansi mpaka ku Biwi n'kubwerera popanda chimene ndatsata. Ndinkangofuna mawu anga adzamveke pawailesi, basi.

Bukulo linkati chofunika chizikhala pamwamba, ndipo nkhani ikatalika uzidula kuyambira pansi. Ndinalimeza lonse. Ngakhale amayi akamafotokoza za kumsika ndinkawadula pakamwa: "Amayi, yambani ndi mutu wa nkhani." Ankangondiyang'ana.

Kenaka amalume anamwalira. Abambo analemba uthenga wa maliro, masamba awiri, n'kundipatsa. "Iwe mtolankhani wathu, kausiye kuwailesi."

Mu minibasi ndinatulutsa cholembera. Ndinaona kuti uthengawo ndi wautali mochititsa manyazi, ndiye ndinadula kuyambira pansi monga mwa buku. Mzere womaliza unali wa amayi aang'ono, mlongo wa malemuwo, amene ankakhala pa esiteti ya fodya ku Mchinji kopanda foni. Unkapempha aliyense womva kuti akawauze. Unapita limodzi ndi enawo.

Uthengawo unawerengedwa waufupi, womveka bwino. Ndinanyada, ndisaname.

Pamaliro, kumudzi ku Dowa, amayi sanakhazikike. Galimoto ikangolira ankatuluka m'siwa kukasuzumira kumsewu. Anapempha adzukulu kuti adikire pang'ono, kenaka anapemphanso. Dzuwa litapendeka tinaika. Ine ndinakumbukira mzere uja, koma sindinauze munthu.

Amayi aang'ono anafika ku Chinsapo patatha milungu itatu, atamva kwa wogulitsa tomato. Anakhala pakhonde osavula nsapato.

"Aneba anga anaumva uthengawo," anatero. "Anandiuza kuti dzina likufanana ndi la achimwene. Koma tinati akanakhala iwo, bwenzi atanditchula. Kodi achemwali, ndinakulakwirani chiyani?"

Abambo anayamba kunena kuti mwina a wailesi ndiwo anafupikitsa. Ndikanatha kubisala pamenepo, ndipo ndinkafunadi kutero. Koma amayi anali akuyang'ana buku lija, limene linali pamwendo panga. Anandiyang'ananso ine, osakweza mawu.

"Auze amayi ako aang'ono chimene chinachitika," anatero. "Yamba ndi mutu wa nkhani."