Mawu a Nkhwangwa ku Chulu

Chaka chimene ndinkabwereza mayeso a Fomu 4 ndinkakhala ndi bambo anga ku Chulu, m'boma la Kasungu. Iwo anali atenanti pa esiteti ina ya fodya wa bale, kwathu kwenikweni ndi ku Phalombe. Mwezi wa Okutobala unali wokonza zigafa zoumitsiramo fodya. Bambo ankasema mphanda ndi nkhwangwa pansi pa mtengo wa mango, ine ndili pampando ndi dikishonale yachingerezi yothothoka chikuto, imene mphunzitsi wina wa ku Nkhamenya anandibwereka.

Tsiku lina masana ndinapezamo mawu akuti hew. Bukulo linati tanthauzo lake ndi kutema ndi nkhwangwa, ndipo kuti anachokera ku chilankhulo chakalekale cha makolo a Angerezi ndi Ajeremani. Linatinso mawu awo otchulira khasu ndi otchulira udzu wouma wa ng'ombe anaphuka pa tsinde lomwelo.

Ndinawawerengera bambo mokweza. Anaimika nkhwangwa.

"Ndiye kuti azunguwo ankalima ndi khasu?"

"Buku likutero, bambo."

"Ndi manja awo?"

Ndinati eya. Anapukuta thukuta, n'kukhala pa mphanda imene ankasema ija. Anati anthu amenewo ayenera kuti anali osauka mawu, chifukwa mtengo, udzu ndi nthaka sizingadyere mbale imodzi. Anayamba kuwerenga ndi zala: mtengo timalikha, nkhuni timawaza, udzu timamweta, mpini timasema, nyama timacheka, ndipo munthu akakwiya ndi chikwanje amakhapa. Zala za dzanja limodzi zitatha anapitiriza ndi linalo.

Kenako anafunsa: "Nanga kutema kwathuku kunachokera kuti? Tsegula pamenepo."

Ndinawauza kuti bukulo ndi la Chingerezi chokha, ndipo la Chichewa lofotokoza zimenezo sindinaliwonepo. Sanakondwe nalo yankholo. Anaitana mnzawo wa chigafa choyandikana nafe, bambo wachitumbuka wa kumpoto kwa Kasungu, amene ankafolera udzu padenga.

"Achimwene, kwanu mukamagwetsa mtengo mumati chiyani?"

"Tikuti kutema," anayankha ali pamwamba pomwepo.

"Basi? Ngati ife?"

"Nanga mumafuna tiziti chiyani?"

Bambo anadzuka pa mphanda paja. Kenako anati ndiye kuti makolo athu ndi a Atumbuka anatulukira njira imodzi, nkhwangwa ili paphewa, n'kudzasiyana pambuyo pake. Sanafunsenso wina aliyense. Anandiuza kuti ndilembe zimenezo m'mphepete mwa tsambalo kuti mwini buku akaziwone. Ndinakana chifukwa buku silinali langa, koma anaumirira, ndiye ndinalemba ndi pensulo mopepuka.

Mphanda zonse zinatha mvula isanayambe. Mayeso ndinakhoza mwapakatikati. Fodya atagulitsidwa, bambo anabwerera ku Phalombe chifukwa msana unkawavuta, ine ndinatsala ku Kasungu nditapeza ntchito m'sitolo ya feteleza. Dikishonale ndinakabweza panjinga, ndipo mphunzitsiyo anangoiponya m'kabati osaitsegula.